Mlendo Wopempha Dzina

Mzamba ndi amene anayambitsa zonsezi, ngakhale mwini wakeyo sadziwa mpaka lero. Anauza Asimenye kuti mwana wa m'mimba amamva mawu, ndiye azimuwerengera mabuku mokweza. Asimenye anali namwino pachipatala china ku Salford, kufupi ndi Manchester, koma anamupumitsa ntchito chifukwa magazi ankathamanga. Mimba iyi inali yachitatu. Ziwiri zoyambazo zinapita padera, choncho chilichonse chimene mzamba wanena iye ankachita osafunsa kawiri.

Buku lake analitenga ku laibulale, kumene kagulu ka azimayi opuma pantchito kankakumana Lachinayi kukambirana mabuku ndi kupha mabisiketi. Chaka chimenecho, 2014, amayiwa anatengeka ndi mabuku a ku Iceland omasuliridwa m'Chingerezi. Asimenye analowamo pothawa kusungulumwa basi, komanso m'laibulalemo munali mofunda.

Bukulo linkakamba za msodzi amene anamira panyanja, mtembo osapezeka. Kwawoko akuti womwalira amatha kufika kwa mayi woyembekezera kudzapempha kuti mwanayo atchedwe dzina lake. Mayi wa m'bukumo anakana, mwana wake n'kubadwa wosalira, wosayamwa, ndipo sanathe sabata. Buku lotero n'lowerengera mwana wa m'mimba? Munthu wanzeru akanalibweza tsiku lomwelo. Koma Asimenye akayamba chinthu sasiya, ndipo bukulo linali lokoma moipa.

Chinanso, sankaliwerenga m'Chingerezi. Anali atatopa ndi ana a anzake a ku tchalitchi, amene ukawapatsa moni m'Chichewa amangokuyang'ana n'kuyankha chizungu. Wake ayi. Ndiye maso ankawerenga Chingerezi, pakamwa pakutulutsa Chichewa, dzanja lili pamimba.

Tsiku lina masana anafika pa tsamba limene msodziyo waima pakhomo la mayi uja. Bukulo linangoti munthuyo anagogoda. Koma kwathu mlendo sangogogoda ngati wapolisi, ndiye Asimenye anakulitsa mawu kuti amveke achimuna, nati, "Odi." Ndipo pakamwa pake, poti panazolowera kuyambira ali kamtsikana, panayankha pokha.

"Lowani."

Anadziseka yekha. Kunja kunali kutada kale, chonsecho nthawi ngati imeneyo dzuwa la kwathu likanakhala likadali pamwamba. Mwana anatembenuka m'mimba mwamphamvu, kenako anakhala phee. M'nyumbamo munayamba kumveka fungo la bulangete lonyowa ndi mchere.

Mwamuna wake, Dunstan, ankagwira ntchito ya makompyuta ku yunivesite. Atabwera madzulo anaponda kapeti ya pakhomo ndi masokosi n'kudumpha.

"Nyumba za kunozi n'zotopa," anatero. "Mvula ikulowera pansi pa chitseko. Mawa ndiwaimbira eni ake."

Eni nyumba anabwera, anayang'ana, sanapeze pamene pakudontha. Kapetiyo inkauma m'mawa, masana n'kunyowanso.

Mlendo wina anayamba kuoneka Asimenye akangowodzera pampando atadya nkhomaliro. Anali mzungu wamtali, wa ndevu, atavala juzi yokhuthala yaubweya, madzi akutsika m'manja mwa juziyo kugwera pansi. Ankaima pafupi ndi chitseko, chipewa atachigwira ndi manja awiri, monga amachitira munthu wodzapempha malo olima. Sankaopseza. Sankayang'ana nkhope ya Asimenye n'komwe, maso ake ankakhala pamimba basi. Chimene chinkamuopsa Asimenye chinali ulemu wakewo, chifukwa munthu waulemu chotero savuta kumukaniza kamodzi, koma sachoka. Tsiku lina anawodzera mu thiramu, sitima ya mumzinda, akuchokera ku sikelo, ndipo podzidzimuka anapeza mpando woyandikana naye uli chonyowa, anthu ataimirira osafuna kukhalapo.

Asimenye sanamuuze Dunstan. Akanamuuza chiyani? Kuti waitana munthu wa m'buku? Akanamulanda bukulo n'kuitana abusa, nkhani n'kufika ku Manchester konse Lamulungu lisanakwane.

Lachinayi lotsatira kagulu kaja kanalandira mlendo, mayi amene anamasulira bukulo. Dzina lake anali Diana, wochepa thupi, wa imvi, wochokera ku Bradford. Amayi aja anamufunsa za chipale chofewa, za nsomba zouma, ndi ngati anthu a kumeneko amasekako. Asimenye anadikira mpaka anthu atapita ku tiyi, n'kumutsatira pakona.

"Ndifunseko. Bukuli latha lonse osatchula dzina la msodziyo. Wolembayo anachita dala?"

Diana anayang'ana mimba ya Asimenye, n'kuika kapu yake pansi.

"M'chinenero chawo dzinalo lilimo, pafupifupi tsamba lililonse," anatero motsitsa mawu. "Ndinalichotsa ndine. Ndinkamasulira ndili ndi pakati pa mwana wanga wamkazi. Ndinafika poona kuti ndikalilemba kamodzinso, ndiye kuti ndavomera."

"Ankabwera?"

"Ankaima panja pa zenera la kukhitchini. Sindinamulankhule, mpaka anatopa. Akafika kwa inu musamuyankhe, ndipo musamulowetse."

Asimenye anathokoza, anatenga chikwama chake n'kutuluka osamwa tiyi. Analunjika ku siteji ya basi osacheuka.

Masiku angapo anayesa kusawodzera. Ankachapa zochapachapa kale, kupukuta mawindo, kuimba nyimbo za kwaya. Koma mimba ya miyezi isanu ndi itatu siimva zimenezo. Lolemba masana tulo tinamugwira, ndipo munthu uja sanalinso pachitseko. Anali ataima pakati pa chipinda, madzi akugwera pa tebulo.

Mantha akapitirira amasanduka mkwiyo. Asimenye anali atataya kale ana awiri, ndipo uyu sankafuna kugawana ndi aliyense, wamoyo kapena wakufa. Kumukaniza ankaopa, poti anawerenga yekha zimene zinachitikira wokana. Kuvomera sakanatha. Ndiye anapeza njira imene anaiona ngati yanzeru kwambiri, njira ya kwathu yokanira munthu osamukaniza.

"Bambo, mwalakwitsa khomo," anatero m'Chichewa. "Kwathu mayi satcha dzina mwana. Kubanja la amuna anga mwana woyamba amatchedwa ndi azakhali awo, a Edwina. Ali ku Dedza, ku Malawi. Nkhani yanuyo ndi ya iwowo, ine ndilibe mawu."

Kwa nthawi yoyamba munthuyo anakweza maso n'kumuyang'ana kumaso. Anaweramitsa mutu pang'ono, anavala chipewa chake, n'kutuluka.

Kapeti inauma. Fungo linatha. Asimenye anabweza bukulo ku laibulale ali ndi mtima wopepuka, akudziuza kuti mzukwa wa ku dziko la chipale chofewa ukafike bwanji ku Dedza, kumapiri kutali ndi nyanja. Azakhali a Edwina nawonso sanali munthu wa maloto. Anali a Mvano, ogulitsa kaunjika pamsika, mayi amene ankati maloto ndi nyemba za dzulo. Dzina anali atasankha kale, ndipo ankalibisa mpaka tsiku lake.

Mwana anabadwa mu Febuluwale, wamwamuna, wonenepa bwino. Sanalire. Madokotala anamutembenuza, anamupima magazi, anamumvetsera mtima, zonse zinali bwinobwino. Koma bere ankalikana, botolo ankalikana, maso ali tseke. Anamuika kapaipi m'mphuno kuti mkaka uzilowa, koma thupi linkangochepa. Asimenye anali namwino, ankadziwa tanthauzo lake madokotala akayamba kulankhula mofatsa kwambiri. Analira mpaka misozi inatha, ndipo Dunstan ankangomugwira phewa.

M'mawa wina ali m'chipinda cha ana odwala, mwana ali pachifuwa pa mayi ake, foni ya Dunstan inalira. Anali azakhali. Anaikweza mawu kuti onse amve.

"Dunstan, mkazi wako ali pompo?"

"Ndilipo, azakhali," anayankha Asimenye.

"Mwana wanga, anthu amene mumanditumizirawa muziyamba mwandiuza." Mawu awo anali otopa, opanda nthabwala zawo zija. "Mwezi wonse uno sindikupuma. Mzungu wina wamtali akumaima pakhonde panga, zovala zili chonyowa, ngakhale tsiku loti mvula sinagwe. Akuti mwamutuma ndinu, ndipo wayenda ulendo wautali. Ndapemphera, ndasala kudya, abusa abwera, iye ali pomwepo ndi chipewa chake m'manja. Dzina limene ndinakonzera mwanayu landithawa m'mutu. Ndikati ndilitchule, pakamwa pakubwera lake."

Dunstan anayang'ana mkazi wake. "Asi, akunena chiyani azakhali?"

Asimenye anakumbatira mwanayo zolimba.

"Ine sindilidziwa dzina lotere, ndipo lilime langa silikwanitsa bwino," anapitiriza a Edwina. "Akuti Torfi. Ine ndanena, mbali yanga ndatha. Zotsala muona nokha kumeneko."

Foni inaduka. M'chipindamo munangomveka kulira kwa makina.

"Limenelo si dzina," anatero Dunstan. "Mwana wanga sangatchedwe zimenezo. Akalamba azakhali, tisankha tokha."

Asimenye anayang'ana kamwana kake, timilomo touma, tinthiti tooneka pansi pa khungu. Anali atamuyembekezera zaka zonsezi, atamulankhula Chichewa asanabadwe kuti adzakhale wawo weniweni. Tsopano anadziwa kuti akamuumirira kuti akhale wake yekha, amuika m'manda a ku Salford. Mtima unamuwawa ngati akupereka mwanayo kwa anthu ongodutsa pamsewu.

Anaweramira pakhutu pake n'kuitana dzinalo, motsitsa, kamodzi.

Mwanayo anatsegula maso. Sanayang'ane uku ndi uku monga amachitira makanda. Anayang'ana mayi akewo molunjika, modekha, ngati munthu wamkulu amene wapatsidwa mpando ataima nthawi yaitali. Kenako anatembenuza mutu, anagwira bere, n'kuyamba kuyamwa ndi njala yoopsa.

"Wayamwa," anatero Dunstan, ali ndi chimwemwe. "Asi, taona, mwana wathu wayamwa."

Asimenye anamusiya mwanayo kuti akhute, koma kumaso kwake sanayerekeze kumuyang'ananso.