Thabwa la pachitseko cha kuseri

Lole itafika kumtaya, Mzime adatsika n'kuima pambali atatseka mphuno ndi mpango. Adabwera dala kuti aone ndi maso ake kuti matabwa atayidwa pamalo oyenera, chifukwa madalaiva ena amangokhuthulira katundu m'ngalande n'kubwerera akuimba mluzu. Matabwawo adali a khonde lakale la kuseri kwa nyumba ya bambo ake. Chiswe chidalidya mpaka lidayamba kunjenjemera munthu akapondapo, ndipo dzulo lake akalipentala adaliphwasula lonse.

Adalaiva, bambo wa mimba yaikulu ndi nthabwala zosatha, adakwera pamwamba n'kuyamba kuponya matabwa pansi.

"Achemwali, awa si matabwa, ndi mabisiketi! Chiswe cha kwanu chimapuma liti kudya?"

Mzime adaseka pang'ono, koma kusekako kudamuthera pakamwa. Pamwamba pa mulu wa matabwa akuda, ofumbwa, padagwa thabwa limodzi losiyana ndi anzake: latsopano, loyera, misomali yake yonyezimira itapindika.

Thabwalo adalidziwa bwino. Nyumba yawo idamangidwa pamtsetse, kotero khomo la kuseri lidali m'mwamba, kufika pachifuwa pa munthu wamkulu. Khonde litachoka, chitseko chidatsala chikutsegukira pamphepo, ndipo pansi pake padali zipilala za simenti zokhala ndi zitsulo zosongoka. Kiyi wa chitsekocho adasowa kalekale. N'chifukwa chake akalipentala asanaweruke adakhomera thabwa latsopano kunja, mopingasa, kuti chisatseguke mpaka masitepe atamangidwa.

"Adalaiva, thabwa ili mwalitenga kuti?"

"Pachitseko paja. Si inu munati tisasiye ngakhale kachidutswa? Ndalizula ndi thukuta, misomali yake inali yamakani."

"Mayo ine! Abambo ali okha m'nyumba muja."

"Nanga si munthu wamkulu? Aona okha kuti khonde palibe."

"Saona. Shuga adawatseka maso."

Adalaiva adaima ndi thabwa lina m'manja, kukamwa kuli yasa.

Bambo ake a Mzime sankagwiritsa ntchito ndodo m'nyumba. Ankati nyumba imene adamanga okha singawasocheretse. Masana alionse akadya ankagonako pang'ono, ndipo phokoso la ana oweruka kusukulu likamveka mumsewu ankadzuka, kupanira wailesi m'khwapa, n'kulunjika kukhonde kukaothera dzuwa. Chitseko chakecho chidali chouma, choncho ankachikankha ndi phewa, thupi lonse likutsatira. Usiku wathawo Mzime adawauza bwinobwino kuti khonde kulibenso. Iwo adayankha kuti, "Ndamva, mwana iwe, makutu ndili nawo." Koma m'mawa mwake adawapeza akulimbana ndi chitseko chija, thabwa likuwakaniza. Adangoseka n'kunena kuti, "Makutu anamva, koma miyendo sinauzidwe."

Mzime adatola thabwa lija n'kuthamangira kulole.

"Tiyeni! Otsalawo mudzatsitsa nthawi ina."

Adalaiva sadatsutse. Adalumpha pansi ngati si munthu wonenepa, ndipo lole idatuluka kumtaya matabwa otsala akugubuduka kumbuyo.

Mzime adaimbira foni ya bambo ake. Idaitana mpaka kuduka. Iye ankadziwa kumene ikulirira: m'thumba la jekete lopachikidwa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Adaimbira mayi oyandikana nawo nyumba, foni yawo yozimitsa. Kenaka adaimbira achimwene ake, amene ankagwira ntchito kutsidya lina la tauni.

"Ndili pamsonkhano, Mzime, nena msanga."

"Achimwene, thabwa la pachitseko lachotsedwa. Abambo ali okha."

"Iwe! Unawasiya okha bwanji? Zinyalala ndi zofunika kuperekeza ngati mlendo?"

"Mundikalipira madzulo. Panopa mungafikeko?"

"Kuchokera kuno? Ufika ndiwe ine ndisanapeze ndi basi yomwe."

Mzime adadula foni. M'mphepete mwa msewu adaona ana awiri ovala yunifolomu akukankhana, zikwama zili kumsana. Adadziuza kuti mwina ndi a sukulu ina, yoweruka msanga. Patsogolo pang'ono adaonanso gulu lina, kenaka lina, msewu wonse ana okhaokha.

"Adalaiva, lole yanuyi siithamanga kuposa apa?"

"Ndaponda mpaka pansi, achemwali. Nkhalambayi ikapitirira apa ibalalika."

Pamene msewu umadutsa njanji adapeza mpiringidzo watsitsidwa. Sitima ya katundu inkadutsa mwaulesi, mabogi akutsatana ngati alibe mapeto. Mzime adalikumbatira thabwa lija mpaka msomali udamubaya pamkono, koma sadamve kuwawa. M'maso mwake ankangoona phewa la bambo ake likugunda chitseko, chitseko chikuvomera, phazi likufunafuna thabwa pamene palibe thabwa.

"Ndikadafunsa," adatero adalaiva motsitsa mawu. "Ndinaliona kuti ndi latsopano. Ndinangoti bola ndisangalatse bwana."

"Ndinanena ndine kuti musasiye kanthu."

"Mwina lero agonereza. Akuluakulu akakhuta amagona ngati makanda."

"Abambo sagonereza. Chiyambire."

Adalaiva sadayesenso nthabwala ina. Mpiringidzo utangoyamba kukwera, lole idadutsa mpaka denga lake kutsala pang'ono kuukhudza.

Itafika pageti, Mzime adatsika isanaime n'komwe. Sadataye nthawi ndi khomo la kumaso. Adathamanga mozungulira nyumba, kudutsa pampopi ndi pachingwe choyanikira zovala, thabwa lili m'manja. Atakhota pangodya, choyamba kuona chidali wailesi, ili pansi yosweka, mabatire atamwazika m'fumbi. Pafupi pake patapata mmodzi adakoledwa pachitsulo cha chipilala. Adachita kudzikakamiza kuti akweze maso.

Chitseko chidali chotsegula, chikugwedezeka ndi mphepo. Bambo ake adali atakhala pansi pakhomo penipeni, mwendo umodzi ukulendewera kunja, manja onse awiri atagwiritsitsa felemu ya chitseko. Nkhope yawo idali itayang'ana kutsogolo, kumene kudali khonde.

"Ababa!"

"Ndiwe Mzime? Mawu ako akuchokera pansi bwanji?"

"Musasunthe, ababa, chonde musasunthe."

"Ndisunthe ndipite kuti? Wailesi yanditsogolera, ndipo mmene yalirira pofika sindinakonde."

Ankayesa kuseka. Mzime adaponya thabwa pansi n'kuimirira pansi pa khomo, n'kugwira phazi lawo lopanda patapata. Lidali lozizira ngati mwala. Pabondo thalauza idang'ambika ndipo magazi adali atayamba kuuma.

"Ndakankha monga mwa masiku onse," adatero. "Chitseko chinangopita. Dzanja ili ndi limene lachita nzeru, lataya wailesi n'kugwira apa. Kuyambira pamenepo ndikuopa ngakhale kutsokomola. Kodi m'pakuya bwanji pamenepa?"

Mzime adatenga phazi lija n'kuliika paphewa pake.

"Apa ndi paphewa panga. Ine ndaima pansi."

"Basi? Ine ndimayesa chiphompho." Adapondereza phewalo pang'ono ndi phazi. "Nanga zitsulo zija ndidazika m'simenti zilipobe?"

"Zilipo."

"Ndiye ndi chiphompho ndithu."

Adalaiva, amene adamutsatira kuseriko, adalandira kiyi wa khomo la kumaso, adalowa m'nyumba n'kuwagwira m'khwapa chakumbuyo.

"Madala, siyani felemu tsopano, ndakugwirani."

"Ndinu ndani inu, wonunkha dizilo?"

"Ndine chitsiru chimene chinazula thabwa lanu."

"Ooh, ndinu? Gwirani zolimba, mwina kugwira mumatha."

Zala zawo zidakana kutambasuka. Mzime adachita kukwera pachipilala n'kuzimasula chimodzichimodzi, ndipo adalaiva adawakokera mkati pang'onopang'ono mpaka adawakhazika pampando wa kukhitchini. Mzime atalowa adagwada n'kuyamba kutsuka bondo lija ndi madzi ofunda.

Adalaiva adabwera ndi hamala ya m'lole ndi thabwa lija, ataongola kale misomali.

"Ndikalibwezere pamalo pake, achemwali."

"Dikirani," adatero bambo aja. "Musakhomere kunja. Kunja sindiliona, ndipo wina wakhama ngati inu adzalizulanso. Khomerani mkati, pamene pamafika dzanja langa. Dzanja likalikhudza lidzauza miyendo."

Adaimirira, Mzime atawagwira mkono, n'kupita pachitseko chimene tsopano chidali chotseka. Adatambasula dzanja monga amachitira masana alionse, ndipo pamene lidagwa, adalaiva adaikapo thabwa n'kuyamba kukhoma. Atamaliza, bambo aja adalisisita kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, kenaka adaligunda ndi phewa. Silidasunthe.

Mzime adaligundanso yekha, kawiri, asanalole adalaiva kubwerera kumtaya.