Wotchi ya Pakhoma

Mayiyo ankapukuta wotchi ya pakhoma pang'onopang'ono, kansanza kakungozungulira pagalasi. Kufakitale yosoka mayunifolomu kumene ankagwira ntchito anamupatsa dzina loti Achete, chifukwa tsiku linkatha anzake osamva mawu ake.

Mwamuna wake anali pakhomo, akumanga zingwe za nsapato.

"Amake mwana, lero mukawauze abwana anuwo asiye kukudulani malipiro. Penshoni, penshoni! Mwakalamba liti inu?"

Achete anangopitiriza kupukuta.

Dongosololi linali latsopano kufakitaleko. Wantchito ankamudula pang'ono, abwana n'kuwonjezerapo gawo lawo, ndalamazo n'kumasungidwa mpaka mwiniwake adzapume ntchito. Wosafuna ankangopita ku ofesi kukakana. Anzake ambiri anali atakana kale.

"Musavutike, achimwene," anatero mchemwali wa mwamunayo, akudzola mafuta pagalasi la kabati. "Alamu angawa akusunga zodzagulira ndodo yoyendera. Ife tizikhalabe pamipando yothyoka, alendo azitiseka."

"Ndipo sofa ya kusitolo ija sationetsanso kawiri," anatero mwamunayo. "Ena aitenga."

Kuchipinda kunamveka chifuwa. Anali bambo ake a Achete, amene ananyamula matumba a simenti mpaka msana unapindika. Tsiku lomwe ankapuma ntchito, abwana awo anawaombera m'manja n'kuwapatsa wotchi imeneyi. Tsopano ankakhala pakhomo pa mkamwini, ndipo sopo akatha ankadikira kuti mkamwiniyo atuluke, kenako n'kupempha mwana wawo monong'ona.

"Mukundimva kodi?" anakalipa mwamunayo. "Kapena ndipite ndekha ku ofesiko?"

Achete anachotsa wotchi ija pamsomali n'kuiika m'manja mwake.

"Tengani. Kawapatseni ogulitsa sofawo."

Mwamunayo anaseka, mchemwali wake n'kumuthandiza.

"Iyi? Ngakhale mwendo umodzi wa sofa sangandipatse!"

"Ndiye penshoni yonse ya bambo anga imeneyo."

Kuseka kunaduka. Kuchipinda nakonso kunangoti zii. Achete ananyamula chikwama chake cha kuntchito. Anamuyang'ana mwamuna wake m'maso.

"Ku ofesi sindipitako. Inu mukafuna pitani, akakufunseni kuti mumasokera makina ati. Alamu, sofa mukaifunitsa, ntchito akulembabe kufakitale kwathuko. Msana ukuwawa pamakinapo ndi wanga. Ine sindidzadikira mkamwini atuluke kuti ndipemphe sopo."