Chifuwa cha Che Uledi

Che Uledi ndiwo ankaitanira anthu ku swala, mapemphero a Chisilamu, pa mzikiti wina wa ku Muloza. Mawu awo ankadumpha malire mpaka ku Milange popanda chiphaso. Koma chiyambireni kumwa enalapril, mankhwala othandiza mtima wawo wofooka, chifuwa chouma chinawakakamira. Akangokweza mawu, basi kutsokomola. Zinkawawawa kwambiri, moti anasiya mankhwalawo mwakachetechete.

Chifuwa chinathadi, koma mapazi anatupa ndipo befu anabwerera.

Aneba awo a Elson, opuma ntchito ku esiteti ya tiyi, nawonso ankadwala mtima. Munthu wouma manja sanali iwo. Anabwera ndi kapepala ka mapilitsi.

"Achimwene, angawa satsokomoletsa ayi. Tigawane, onsewa ndi a BP."

Akazi a Che Uledi, Abiti Sudi, anawalanda kapepalako asanatsegule.

"Kodi mankhwala asanduka fodya wopemphana? Masilipasi sakukulowani, mukuyesa sindikuona? Tiyeni ku Boma."

Kuchipatala, dokotala Madalo anamvetsera osawakalipira. Kenako anaika mapilitsi onse patebulo.

"Bambo, iyi ndi mitundu iwiri. Yonse imatsitsa BP ndi kupeputsa ntchito ya mtima. Mtundu wa enalapril wanuwu ndi wabwino, koma anthu ena umawatsokomoletsa. Otero timawasinthira ku mtundu wa losartan, wa anzanuwo, umene sukonda kubweretsa chifuwa."

"Ndiye a Elson sananame?" anafunsa Che Uledi.

"Sananame, koma mlingo wawo si wanu. Komanso mitundu iwiriyi sitiphatikiza, ingavulaze impso. Tiyambe takuyezani magazi. Chimene chinakutupitsani ndi kusiya mankhwala."

Anawayeza, n'kuwayambitsa losartan pang'onopang'ono. Mapazi anaphwa, masilipasi n'kuyamba kulowa.

Lachisanu lina masana, Che Uledi anaimirira pa mzikiti. Anakoka mpweya n'kuitana. Mawu anatuluka onse, osaduka. Abiti Sudi anaima chilili pakhomo, mtsuko uli pamutu, misozi ili m'maso.

Madzulo ake a Elson anawaseka: "Lero ndiye ndi a ku Milange omwe aswali!"

"Zatheka chifukwa mayiwa anandikokera kuchipatala," anatero Che Uledi. "Mankhwala akakuvuta, usasiye wekha ndipo usabwereke a mnzako. Pita ukanene, alipo mtundu wina wokuyenera."