Doto Analembedwa Kuti Anamwalira

Doto anapita ku chipatala china ku Tabora kuti akalembetse khanda pa khadi lake lolandirira chithandizo. Mlembi anayang'ana pa kompyuta, kenako anamuyang'ana iye.

"Mayi, mwini khadi ili anamwalira mwezi watha."

"Mwini wake ndine, ndaima pano!"

"Pepani, khadi latsekedwa."

Amene anamwalira anali Kulwa, mapasa mnzake, mayi wa khandalo. Pokalembetsa imfa, mayi awo anatenga chiphaso cholakwika m'chitini, maso atatupa ndi kulira. Nkhope za pa ziphasozo zinali zofanana.

Doto anabwerera kunyumba, nakhala pakhonde. Mama Kabula, neba wogulitsa uchi amene kale anali mlembi wa boma, anamva nkhaniyo.

"Ndiye ndikucheza ndi mzukwa?" anatero, koma Doto sanaseke. "Tamvera mwanangu, kompyuta siidziwa imfa. Imangosunga zimene munthu waiuza. Dzina lako, tsiku lobadwa, zidindo za zala, zonsezo ndi mbiri yako. Lamulo limakulola kuiona ndi kuikonzetsa ikalakwika."

"Ndikakonzetsa, alemba kuti Kulwa wafa," anatero Doto, misozi ikutsika. "M'kompyutamo ndi mokhamo mmene akadali moyo. Musiyeni."

Mama Kabula analoza khandalo.

"Nanga mwanayu? Mayi ake ali kumanda, iwenso boma likuti kulibe. Akadwala amuimira ndani?"

Lolemba Doto ndi Mama Kabula anapita ku ofesi yolembetsa anthu pamodzi ndi mayi ake a Doto, atatenga ziphaso zonse ziwiri ndi kalata ya wapampando wa dera. Mayi a Dotowo ankangoti, "Ndine ndinalakwitsa, ndine."

"Musadzidzudzule, mama," anatero mkulu wa ofesiyo. "Nkhope zimafanana, koma zala ayi."

Doto anaika chala pa makina, dzina lake linatuluka. Mkuluyo anamufunsa dzina la womwalira.

"Kulwa Masanja," anayankha Doto. Kanali koyamba kulitchula chichokereni kumanda.

Patatha milungu iwiri khadi linatsegulidwa, ndipo khanda linalembedwa m'manja mwa Doto.

Zimene zili m'kompyuta zinalembedwa ndi munthu, ndipo munthu amalakwitsa. Polembetsa kubadwa kapena imfa, werengani dzina ndi nambala musanasaine. Mbiri yanu ikalakwika, musangokhala: pemphani kuiona, tengani umboni, kaikonzetseni.