Kathabwa ka Che Sulemani

"Tigula ukonde wa maso ang'onoang'ono, basi," anatero Atumani, akumenya buku la ku positi pabondo. "Tcheyamani wa chipani walonjeza kuti a za nsomba sadzatigwira, bola tizimugawirako."

Linali tsiku lachisanu ndi chiwiri chiikireni bambo ake, Che Sulemani, m'manda ku Nkope. Mbale za sadaka zinali zisanatsukidwe n'komwe, koma amuna anali atakhala kale pakhonde kukambirana za ndalama zimene malemuwo anasiya m'bukumo. Asiatu, mlongo wake wa Atumani, anabweretsa tiyi. Sanachoke.

"Ukonde umenewo umakokolola tiana ta chambo," anatero. "Zaka zikubwerazi tidzawamba chiyani? Mchenga?"

"Iwe, za ukonde n'za amuna," anamudula amalume awo. "Bwerera kukhitchini."

Za amuna ati! Maso a bambo atayamba kuchita chifunga, amene ankasoka ukonde wawo zaka zonsezo anali Asiatu yemweyu, Atumani akungozungulira pa boma ndi njinga yobwereka. Asiatu anapsa mtima, n'kutembenukira kwa Atumani.

"Achimwene, chaka cha njala chija bambo anapachika ukonde miyezi yonse imene chambo chimaswana, ife tikugonera mango owiritsa. Lero thukuta lawo mukagulire chinthu chimene ankachilavulira? Mulibe manyazi."

"Anafa ndi bwato limodzi lobooka chifukwa cha makani omwewo!" anakuwa Atumani.

Chitseko chinalira. Mayi awo, Abiti Mwanamvua, anali pa eda, miyezi imene mkazi wamasiye satuluka m'nyumba, choncho kunangotuluka dzanja lokha. Linaika pansi kathabwa kamene Che Sulemani ankayezera maso a ukonde, kotambalala ngati zala zitatu.

"Atumani," anatero mawu a kuseri kwa chitseko, "bambo ako analembetsa dzina langa m'buku limenelo. Ku positi adzafuna chala changa. Ukonde umene kathabwa aka sikalowa m'maso mwake, ine sindidinda. Ndipo kogulako Asiatu apite nawo."

Amalume anatsokomola, n'kuyang'ana kumbali.

Atumani anatola kathabwako mwaukali kuti akaponye kubwalo. Koma pakati pake panali pokumbika, posalala, pamene chala chachikulu cha bambo ake chinadya mtengowo pang'onopang'ono. Chala cha Atumani chinakhala pomwepo, chinakwana ndendende.

Anakhala pansi. Tiyi anazizira iye akadagwirabe kathabwako.