Thadzi la Chikole

Chiperoni chinali chitameza phiri lonse la Mulanje pamene anapiye a Enifa anayamba kuwodzera ali chiimire, mapiko atagwa. Ena anali atafa kale mmawa. Mtsikanayo mtima unangoti thi thi thi, chifukwa thadzi lofiira limene linaswa anapiyewo silinali nkhuku wamba. Linali chikole chimene Lenard anamusiyira tsiku limene ankakwera basi pa Chonde kupita kumigodi ya ku Joni.

"Ulisamale," anatero Lenard tsikulo. "Ndikadzapeza bwalo ladzaza nkhuku, ndidzadziwa kuti unkandikumbuka."

Amayi a Enifa anatuluka m'khitchini mpeni uli m'manja.

"Ndi chitopa ichi, mwanawe. Chikalowa pakhomo timazinga nkhuku zisanafe zokha. Gwira thadzilo."

"Amayi, si chitopa ayi! Khola likudontha, agona ponyowa. Azizidwa chabe."

"Iwe chikondi chakutseka m'maso. Lenard wakoyo adzadya nthenga?"

Enifa anatola anapiye atatu otsalawo, nkuwadonthezera kukamwa madzi a tsabola, kenako anawaika pachifuwa pake nkumanga chitenje. Ankamva timiyendo tozizira tikukanda khungu lake, mwapang'onopang'ono zedi.

Nthawi yomweyo belu la njinga linalira kumpanda. Anali Jailosi wa yufi, gulu la achinyamata a chipani, malaya ake ofiira atanyowa, dengu la nkhuku zomangidwa miyendo lili pakaliyala. Ndi Jailosi yemweyo amene Enifa anamukana atamufunsira chaka chatha.

"Odi, amayi! Nyumba iliyonse nkhuku imodzi, mphatso ya kumsonkhano wa chipani pa Boma." Maso ake anagwera pa thadzi lija. "Eya, ilo lonenepalo. Kapena achemwali akana, ngati muja anazolowerera?"

Kukana kunali kosatheka, aliyense ankadziwa. Amayi anangoyang'ana pansi. Pamene Enifa ankawerama kuti aligwire, chitenje chinamasuka, mwanapiye mmodzi nkugwera m'matope, khosi lili lende, maso atatseka.

Jailosi analumphira kumbuyo.

"Chitopa! Mukufuna ndikapereke nkhuku yodwala pamaso pa akuluakulu? Mundimangitse ine?" Anavula malaya nkuphimba dengu lake, napalasa njinga osacheuka.

Enifa anatola kamwanapiye kaja, nkukapukuta ndi nsonga ya chitenje. Koma mpumulo sunakhalitse.

"Wamva?" anatero amayi. "Dzuwa lisanalowe mudzi wonse udziwa kuti pano pali chitopa. Anzathu abwera kudzatiuza kuti tizinge. Bola tichite tokha."

"Dikirani pang'ono, amayi. Pang'ono pokha."

Anakhala pakhonde atakumbatira chifuwa, akupumira mpweya wofunda m'chitenjemo. Thadzi linkazungulira miyendo yake likuitana ana ake. Amayi ankanola mpeni pamwala, ndipo kulira kwa mpeniwo kunkamulowa Enifa mpaka m'mano. Anayesa kukumbukira nkhope ya Lenard, koma ankangoona bwalo lopanda kanthu.

Kenako china chinamujompha pachifuwa. Kamutu kachikasu kanasuzumira kunja nkulira. Enifa anakatsitsa pansi, nawaza gaga. Kanadzandira, kanaima, nkujompha. Kachiwiri kanatsatira. Kachitatu, kaja kanagwera m'matope, sikanagwedezeke.

Amayi anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anasomeka mpeni kudenga, pafupi pomwe, poti dzanja lingafike msanga.

"Tiona mawa," anatero. "Kafolere kholalo."