Gitala Yosamveka ya Wakumbuyo

Anzake a m'bandi ankamutchula kuti Wakumbuyo, ndipo dzinalo linamukhala chifukwa kumbuyo n'kumene kunalidi malo ake. Ankaimba gitala ya besi, ija ya nsambo zinayi zonenepa, yolira pansipansi. Pansanja, woimba ankaima kutsogolo ndi jekete lake lonyezimira, pamene Wakumbuyo ankapanikizika pakona, pakati pa wang'oma ndi mulu wa zingwe. Pa zithunzi za maukwati onse amene anaimbako, cha iye chimene chinkaoneka ndi chigongono.

Zimenezo sizinkamudandaulitsa. Woimba besi amadziwa kuti anthu amamukumbukira tsiku limene wadwala. Chimene chinkamudya mumtima chinali china: bambo ake anali asanamumvepo akuimba, ndipo makutu awo anali kutsekeka.

Madalawo anayendetsa malole moyo wawo wonse, ndipo phokoso la injini linawadya makutu pang'onopang'ono. Dokotala ananena mosapsatira kuti kakumva kotsalako sikakhalitsa. Kamakina kovala m'khutu anawagulira, koma kankaimba mluzu, ndiye anakatsekera m'chitini cha mabatani. Tsopano ankakhala kwa mwana wawoyo, ndipo ankalankhula mokuwa ngati akuitana munthu wa tsidya la msewu.

Tsiku lina Wakumbuyo anawatengera ku ukwati kumene bandi inkaimba. Anakhala mpando wakutsogolo, tayi pakhosi, maso ali pansanja. Pobwerera anapereka chigamulo chawo.

"Mnyamata wajekete uja amaimba. Wang'oma uja nayenso thukuta lake limaoneka. Nanga iwe bwanji sakupatsa gitala yolira?"

"Imalira, bambo."

"Ndakuona ine ndi maso angawa. Umangogwedeza mutu ngati gulo. Koma usachite manyazi, mwana wanga, kuwanyamulira katundu anzako nayonso ndi ntchito."

Mkazi wa Wakumbuyo anaseka mpaka kugwira khoma. Mwini wake anayesa kuseka nawo, koma zinamupweteka.

Kupatula maukwati ndi maphwando, Wakumbuyo anali ndi podikasiti yake, pulogalamu yocheza imene anthu amamvera pafoni. Ankaijambulira m'kabati ya zovala, poti zovala zimameza mawu kuti asamabwerere. Ankalowamo chopinda maondo, maikolofoni ataimangirira pa hang'ala, mahedifoni akuluakulu kumutu, madiresi a mkazi wake akumusisita pamphuno. M'menemo ankalangiza dziko lonse za zingwe zosasokosera, za maampu olemera ngati thumba la simenti, ndi zoti nsambo zakale ukaziwiritsa m'madzi zimaliranso ngati zatsopano. Nkhani yowiritsayi inali itamudanitsa kale ndi mkazi wake, amene anapeza nsambo zinayi zikubwata m'poto wa tiyi. Omvera ake anali oimba besi anzake, kuphatikizapo achibale amene ankatsegula pulogalamuyo pomumvera chisoni.

Ndiye anaganiza zopekera bambo ake nyimbo, ya besi yokhayokha, yopanda woimba wajekete woti n'kuba chitamando. Anaikonza masabata angapo. Tsiku lojambula anadzitsekera m'kabati muja, gitala itapingasa moti mutu wake unatulukira pachitseko, n'kuyandikira maikolofoni.

"Lero sindilankhula zambiri," anatero, mawu akunjenjemera. "Iyi ndi ya bambo anga, amene anatilera ndi chiwongolero m'manja. Bambo, pali zambiri zimene sindinakuuzeni nthawi ikadalipo. Mawu andithera."

Kenako anaimba. M'mahedifoni mwake nyimboyo inkagunda ngati mabingu akutali, mpaka anapukuta misozi ndi diresi la mkazi wake lopitira ku tchalitchi. Anaiponya pa intaneti m'mawa, n'kunyamuka kupita kokonzekera ndi bandi, mtima uli mbee.

Koma munthu amene ankalangiza dziko lonse anaiwala chinthu chimodzi. Iye nyimbo ankamvera m'mahedifoni basi, chifukwa kumvera pa kasipika ka foni ankakuona ngati tchimo. Anthu ena onse amamvera pa kasipika komweko, ndipo kasipika ka foni, kochepa ngati nyemba, besi sikaidziwa. Choncho chimene abale anamva ndi mwana akutsanzika bambo ake ndi mawu olira, kenako zii.

Foni yoyamba inali ya azakhali ake, alongo awo a madala. Anayamba ndi kulira, mawu anabwera pambuyo.

"Achimwene atisiya liti? Mwana iwe, zoona ife tizimvera pafoni ngati anthu apadera?"

"Azakhali, bambo ali moyo. Ndawasiya akumwa tiyi."

"Nanga kukhala chete kuja?"

"Sikunali kukhala chete. Inali nyimbo."

Azakhali anasiya kulira. "Ndaimva mpaka kumapeto ine. Munalibe nyimbo m'menemo."

Asanapume, wang'oma, amene nayenso anali atamvera pulogalamuyo, anamukumbatira maso ali ofiira. Woimba anafika mochedwa monga mwa masiku onse, nkhope itagwa, n'kufunsa ngati pamaliro angavale jekete lakuda lonyezimira kapena losanyezimira. Wakumbuyo anangolongedza gitala n'kuthamangira kunyumba.

Anapeza pabalaza patadzaza. Anansi awiri ndi msuweni wake anakhala mwakachetechete, manja ali m'miyendo, akusowa poyang'ana, ndipo pakati pawo panali malemuwo, akuviika buledi mu tiyi, osangalala kuti lero alendo awakumbukira. Mkazi wake anaima pakhomo la khitchini atadziluma mlomo kuti asaseke.

"Bambo a m'kabati," anatero mkaziyo, "afotokozereni nokha. Ine mawu andithera."

Kufotokoza nkhani yotere mokuwa, anansi akumva, ndi chilango chokwanira. Madala atamvetsa anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati awapatse foniyo amve okha maliro awo. Anaikanikiza pakhutu. Mawu a mwana wawo anawatola apa ndi apo, ndipo nkhope yawo inafewa. Kenako anadikira. Anaigwedeza foni ija, n'kuibwezera pakhutu.

Wakumbuyo anathamangira mahedifoni ake, amene sankalola munthu aliyense kuwakhudza, n'kuwaveka bambo ake. Madala anatseka maso n'kuyamba kugwedeza mutu. Anansi anamwetulira. Koma woimba besi sunganamize ndi mutu: ankaugwedeza pawokhapawokha, kutali ndi kugunda kwa nyimbo. Sankamva kanthu, ankangofuna kumusangalatsa.

"Yabwino kwambiri, mwana wanga," anakuwa povula.

Kunyozedwa kuja kunali bwino kusiyana ndi chifundo chimenechi. Wakumbuyo anapinda chingwe cha mahedifoni mosamala kwambiri kuti anthu asamuone m'maso. Anadziwa kuti wachedwa, ndipo anamva chisoni chimene sanachimvepo.

Loweruka masana bandi inali ndi phwando la munthu wopuma pantchito. Wakumbuyo anatulutsa katundu pakhonde podikira galimoto ya wang'oma. Ampu yake, chibokosi chakuda chokuzira mawu a gitala, chofika m'maondo, inali itayamba kuthetheka, ndiye anailumikiza kumagetsi kuti aone ngati vuto ndi chingwe. Ampuyo ankaisamala kuposa mwana wakhanda. Mkazi wake ataikapo kapu tsiku lina, anakhala osalankhulana mpaka madzulo.

Madala anatuluka ndi nsapato m'manja, anayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala, n'kudzitula pa ampu paja. Tsiku lina lililonse Wakumbuyo akanafuula. Tsikuli analibe mphamvu zake. Anangogwada, n'kulowetsa chingwe china, n'kukoka nsambo yonenepa kuposa zonse.

Madala anadzambatuka, nsapato imodzi n'kugwera m'maluwa. Anazungulira bokosi lija akuliyang'ana mokayikira. Kenako, pang'onopang'ono, anakhalaponso.

"Panganso."

Wakumbuyo anakokanso nsambo ija. Bambo ake anayala zikhatho m'mbali mwa ampu n'kuweramitsa mutu, monga ankachitira kale pomvetsera lole m'mawa isananyamuke.

"Ndiwe ukuchita zimenezi?"

Anavomera ndi mutu. Anaimirira, anakoleka gitala paphewa, n'kuyamba nyimbo ija kuchokera pachiyambi. Mawindo ananjenjemera. Galu wa anansi anathawira kuseri. Madala anatseka maso, ndipo phazi lawo lopanda nsapato linayamba kuponda pansi, pamalo pake penipeni, osaphonya. Nyimbo itakwera, dzanja lawo lamanzere linapita lokha m'mbali kukasintha giya.

Galimoto ya wang'oma inafika n'kuliza hutala, koma palibe anaitembenukira. Mkazi wa Wakumbuyo anatuluka kudzadandaula za mawindo, ndipo ataona zimene zinkachitika anaima pomwepo ndi nsanza yake m'manja.

Nyimbo itatha madala sanachotse zikhatho zawo pabokosi.

"Zaka zonse zija ine injini sindinkaimvera m'makutu ayi," anatero, ndipo kanali koyamba m'miyezi yambiri kulankhula motsitsa. "Ndinkaimvera pampando. Anthu amayamikira utoto wa lole ndi hutala, koma chimene chimakoka katundu chili pansi." Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. "Ndiye iwe nthawi yonseyi unali injini, ine n'kumati ndiwe wonyamula katundu."

Wakumbuyo anapita m'maluwa kukatola nsapato ija.

Kuphwando kuja anthu anadabwa kuona mkulu watayi atakhala pa ampu kumbuyo kwa nsanja, maso ali chitsekere, dzanja likusintha magiya m'malere. Woimba anadandaula kuti anthu akujambula madala m'malo mojambula jekete. Pakati pa nyimbo, mwini phwando anakwera pansanja n'kufunsa mwaulemu ngati agogowo angakonde mpando wabwinoko kutsogolo, kumene kumamveka bwino.

"Kuno n'kumene kumamveka," anakuwa madala, mawu awo n'kulowa m'maikolofoni ya wang'oma, holo yonse n'kumva. "Mukumva kugunda m'chifuwamo? Ameneyo ndi mwana wanga. Iwe, tiye nazo, usazimitse."